Tizigoba ta m'matope tomwe timakumbukira nyanja zakale

Ku Njewa kulibe nyanja. Madzi amene ife timawadziwa ndi a pamjigo, a m'zitsime za kudimba, ndi a m'madambo amene amadzaza mu Januwale n'kuphwa pofika Okutobala. Kuti munthu wa kwathu aone nyanja ya Malawi ayenera kukwera minibasi mpaka m'tauni, n'kukweranso ina ya ku Salima. Nyanja ya mchere ndiye tisanene, ili kuseri kwa Mozambique, ndipo ambiri mwa ife tidzakalamba osapondamo phazi.

Komatu mvula imene timaidikira chaka ndi chaka simachokera m'madambo mwathu mokha. Chinyezi chake chambiri chimabwera ndi mphepo kuchokera ku nyanja ya mchere ya India, china chimabwera ndi mphepo ya ku Congo. Madzi a m'nyanja zikuluzikulu akatentha mosiyana ndi nthawi zonse, nkhokwe za ku Mpingu, ku Nsaru ndi ku Kabudula zimamva. N'chifukwa chake lero ndafuna tikambirane za anthu a ntchito yachilendo. Iwowa amakumba matope akale a pansi pa nyanja, n'kutolamo tizigoba tating'ono ngati mchenga, kenako n'kutiuza mmene madzi ankatenthera zaka 90 miliyoni zapitazo. Kungomva koyamba zimakhala ngati nthano za pamoto. Koma ntchitoyi ili ndi njira zake zomveka bwino, ndipo umboni wina wofunika kwambiri unapezeka kwa anansi athu ku Tanzania.

Tizamoyo tomanga nyumba za laimu

M'nyanja za mchere muli tizamoyo totchedwa foraminifera. Dzinali ndi lalitali, moti ngakhale akatswiri eni ake amangoti ma foram. Kalikonse kali ndi selo imodzi yokha, kalibe mutu, kalibe maso, kalibe miyendo. Koma kamadziwa kumanga. Kamatenga laimu wosungunuka m'madzi n'kudzipangira chigoba chokhala ndi tizipinda, ngati mmene nkhono imachitira. Kakamakula kamawonjezera chipinda china, monga bambo wa pamudzi amene amawonjezera chipinda ana akachuluka. Tambiri ndi tochepa kuposa njere ya mchenga wa kumtsinje.

Tina timayandama pamwamba pa nyanja, tina timakhala pansi m'matope. Tikafa, tizigoba take timamira pang'onopang'ono n'kukaunjikana pansi. Chaka chino pagwa tina, chaka chamawa pagwa tina pamwamba pake, mpaka zaka mamiliyoni. Zapansi ndiye zakale, zapamwamba ndiye zatsopano. Amene anaunjikapo fodya kapena matumba a chimanga akudziwa lamulo limeneli: thumba la pansi ndi limene linayamba kulowa.

Pali tina tochepa kuposa pamenepa, totchedwa coccolithophore, timene ndi ndere za selo imodzi zovala timbale ta laimu. Tizamoyo timeneti tinachuluka kwambiri nthawi ina yake moti timbale take tinaunjikana n'kusanduka miyala yoyera ya choko. Magomo oyera a ku Dover, m'mphepete mwa nyanja ku England, ndi milu ya timbale timeneti. Mu 1868 wasayansi Thomas Huxley anaimirira pamaso pa anthu wamba ogwira ntchito mu mzinda wa Norwich, n'kuwafotokozera mbiri ya nyanja yakale pogwiritsa ntchito kachidutswa ka choko basi. Choko chambiri cha m'masukulu masiku ano amapangira mwala wina wotchedwa gypsum, koma dzinalo linachokera ku mwala wa m'nyanja uja.

Nyengo ya choko

Akatswiri a miyala amagawa mbiri ya dziko m'nyengo zikuluzikulu. Imodzi mwa izo ndi Cretaceous, imene inayamba zaka pafupifupi 145 miliyoni zapitazo n'kutha zaka 66 miliyoni zapitazo. Dzinali analipereka katswiri wa ku Belgium, Jean d'Omalius d'Halloy, mu 1822, kuchokera ku mawu a Chilatini akuti creta, kutanthauza choko. Tingoti nyengo ya choko.

Dziko la nthawi imeneyo simukanalizindikira. Africa ndi South America zinali zikupatukana, ndipo nyanja ya Atlantic ya kumwera inali ikungotseguka. Madzi a m'nyanja anakwera mamita oposa 100 kuyerekeza ndi lero, n'kumiza zigawo zikuluzikulu za Europe, North America ndi kumpoto kwa Africa. M'mphepete mwa Tanzania ndi Mozambique, malo ena amene lero anthu amalimapo chinangwa ndi kudzala mitengo ya makashu anali pansi pa madzi.

Nanga kwathu kuno? Malawi sinamizidwe. Chigwa cha Lilongwe, pomwe pali Njewa, Chitedze ndi Namitete, chakhala pa miyala yakale kwambiri, ya zaka zoposa 500 miliyoni, imene inaphikidwa ndi kutentha kwa pansi pa nthaka. Mwala woteroyo susunga chigoba. Ndiye ngakhale mutakumba chitsime chakuya bwanji kumunda kwanu, foram simudzamupeza. Nyanja ya Malawi nayo kunalibe, inabwera mochedwa kwambiri. Koma nyengo ya choko inatisiyirabe zizindikiro zake. Miyala ya mapiri a Mulanje ndi Zomba inapangika nthawi imeneyo, kuchokera ku chiphalaphala chamoto chimene chinazizirira pansi pa nthaka.

Chizindikiro china chili ku Karonga. M'dera la Mwakasyunguti muli miyala ya mchenga ndi matope imene mitsinje ya nthawi imeneyo inasiya, ndipo m'menemo munapezeka mafupa a madainoso. Mafupa oyamba anawafotokoza Sidney Haughton mu 1928. Mu 1993 gulu la Louis Jacobs, momwe munalinso Mmalawi mnzathu mayi Elizabeth Gomani, linapatsa chinyamacho dzina loti Malawisaurus. Mayi Gomani anafotokozanso kang'ona kakale kotchedwa Malawisuchus mu 1997, ndi dainoso wina, Karongasaurus, mu 2005. Nditaimirira pansi pa chifanizo cha mafupa a Malawisaurus m'nyumba yosungira zakale ya ku Karonga, chinyama chotalika ngati basi yaikulu, funso limene linandigwira linali lakuti: kodi chinyama chimenechi chinkakhala m'dziko lotentha bwanji? Mafupa okha sangayankhe mokwanira. Yankho lomveka lili m'matope a m'nyanja.

Sefa, lichero ndi kaburashi

Amene munaonapo galimoto yokumba mijigo ikugwira ntchito pamudzi mwaona kale theka la nkhaniyi. Kusiyana kwake n'kwakuti okumba mjigo amaphwanya mwala n'kuutaya ngati fumbi, pomwe ofufuza zakale amagwiritsa ntchito chitsulo chamgogo chimene chimadula nthaka n'kuitulutsa yathunthu, ngati mzati wonenepa ngati botolo la zakumwa. Mzatiwo amaudula m'zidutswa, n'kulemba kuti chidutswa chilichonse chachokera pa mamita angati. Ena amakumba pamtunda pomwe kale panali nyanja, ena amakumba ali m'sitima pakati pa nyanja. Sitima ya Glomar Challenger inayamba ntchitoyi mu 1968. Ina yotchedwa JOIDES Resolution inapitiriza, ndipo mu 2022 inakakumba kumwera kwa South Africa, pamalo otchedwa Agulhas Plateau, n'cholinga chofufuza nyengo ya choko yomweyi.

Zimene zimachitika mu labotale amayi anga akanazimvetsa msanga kuposa ine. Amatenga kachidutswa ka matope n'kukanyika m'madzi kuti kafewe, ngati mmene timanyikira mphale. Kenako amatsuka pa sefa ya timabowo tochepa ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi. Dongo limadutsa, tizigoba timatsala. Akayanika, amathira zotsalazo pa kathireyi kakuda n'kuika pansi pa maikulosikopu. Apa ndiye pamafunika mtima wa munthu wosankha miyala mu mpunga pa lichero. Wofufuza amanyowetsa nsonga ya kaburashi kakang'ono n'kumatola kachigoba kamodzikamodzi, mtundu uwu apa, mtundu uwo apo, tsiku lonse.

Akamaliza kusankha amayamba kuwerenga. Mitundu ya ma foram inkasintha nthawi ndi nthawi, ina ikutha ina ikubadwa, choncho mtundu umene wapezeka umanena zaka za mwalawo. Makampani ofufuza mafuta ndi gasi, kuphatikizapo a m'mphepete mwa Mozambique ndi Tanzania, amadalira njira imeneyi kuti adziwe pomwe chitsulo chawo chafika. Ngati toyandama tachuluka kuposa tokhala pansi, ndiye kuti madzi anali akuya, kutali ndi gombe. Ngati tokhala pansi tasowa mwadzidzidzi, ndiye kuti pansipo panachitika zoopsa. Koma chachikulu chimene tizigoba timasunga ndi kutentha kwa madzi.

Mmene chigoba chimasungira kutentha

Okosijeni, mpweya umene timapuma uja, ali ndi mitundu yosiyana kulemera. Wambiri ndi wopepuka, amamutcha okosijeni 16. Wochepa ndi wolemerako pang'ono, okosijeni 18. Onse awiri amapezeka m'madzi, ndipo foram akamamanga chigoba amatengako onse. Chodabwitsa n'chakuti muyeso wake umadalira kutentha: madzi akazizira, m'chigoba mumalowa wolemera wambiri, madzi akatentha, mumalowa wochepa. Chigoba chikauma, muyesowo umatsekeredwa momwemo.

Amene anazindikira kuti zimenezi zingagwire ntchito ngati choyezera kutentha anali Harold Urey wa ku America, mu 1947. Mu 1955 Cesare Emiliani anayeza ma foram a m'matope a pansi pa nyanja n'kuonetsa mmene dziko linkazizirira ndi kutenthera mobwerezabwereza. Lero amasungunula tizigoba mu asidi, n'kuyeza mpweya wotulukawo pa makina olekanitsa zopepuka ndi zolemera.

Koma panabuka vuto limene linazunguza akatswiri kwa zaka zambiri. Atayeza tizigoba ta nyengo ya choko tochokera pansi pa nyanja zakuya, anapeza kuti kumapeto a dziko, kumpoto ndi kumwera, kunali kofunda kwambiri, koma madera otentha ngati athu ano ankaoneka ozizira kuposa lero. Zinali zosamveka. Zingatheke bwanji kuti pakhonde patenthe, kukhitchini komwe kuli moto kukuzizira? Makompyuta owerengera nyengo nawo ankakana. Mukawapatsa mpweya wambiri wotenthetsa dziko, ankatenthetsa paliponse.

Yankho linachokera m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa Tanzania, m'madera a Kilwa ndi Lindi. Kumeneko matope a nyanja yakale anakwera n'kukhala mtunda, ndipo ndi dongo lomata kwambiri, losalola madzi kudutsa. Tizigoba ta m'dongo limeneli tikatsukidwa timanyezimira ngati galasi, ngati kuti mwini wake wafa dzulo. Ta m'nyanja zakuya tija timaoneka totuwa ngati ufa. Paul Pearson wa ku Britain ndi anzake anaonetsa mu 2001 kuti totuwato tinasinthika titamira kale: pansi pa nyanja, m'madzi ozizira, laimu watsopano anamatirira pa chigoba n'kusokoneza muyeso. Zili ngati mboni imene yauzidwa zonena panjira yopita kubwalo. Tonyezimira tija tinapereka madigiri 28 mpaka 32 pa madzi a m'madera otentha chakumapeto kwa nyengo ya choko ndi nyengo ina yotsatira.

Kuyambira mu 2002 akatswiri a ku Britain, Ireland ndi America, mogwirizana ndi bungwe la Tanzania Petroleum Development Corporation, anayamba kukumba maenje m'minda ndi m'tchire za m'maderawo pa ntchito yotchedwa Tanzania Drilling Project. Pakati pa 2007 ndi 2009 analimbikira miyala ya nyengo ya choko pafupi ndi Lindi. Mu 2013 Kenneth MacLeod, Brian Huber ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza pa nthawi ya zaka 90 miliyoni ndi kupitirirako pang'ono zapitazo: madzi a pamwamba pa nyanja anali madigiri 30 mpaka 35, ndipo anakhala otero kwa nthawi yaitali, popanda chizindikiro chakuti kwinakwake kunaunjikana madzi oundana ambiri. Kumbukirani kuti thupi la munthu ndi madigiri 37. Ameneyo ndi madzi osambitsira khanda, nyanja yonse. Ndipo nthawi imeneyo Lindi anali kumwera kwambiri kuposa pomwe ali lero.

Umboni wina unavomereza. Mu 2020 ofufuza a ku Germany analengeza kuti m'matope a pansi pa nyanja pafupi ndi Antarctica anapeza mizu ndi mungu wa nkhalango yowirira ya zaka pafupifupi 90 miliyoni. Malo amene lero ndi chipululu cha madzi oundana kunali mitengo. Chimene chinkatenthetsa dziko choncho ndi mpweya wa carbon dioxide wochokera m'mapiri ophulika, umene akatswiri ambiri amati unafika magawo 1,000 pa miliyoni kapena kupitirira.

Pamene nyanja inabanika

Asodzi a ku Salima ndi ku Nkhata Bay amadziwa kuti nsomba zili ndi malire a kuya. Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita pafupifupi 700, koma kupyola mamita 200 kapena 250 madzi ake alibe okosijeni, ndipo nsomba sizikhalako. Chifukwa chake n'chakuti madzi ofunda a pamwamba ndi opepuka, sasakanikirana ndi a pansi, ndipo zinthu zakufa zimene zimamira zimatha okosijeni poola.

Zoterezi zinachitika m'nyanja za mchere m'nyengo ya choko, koma pa mlingo woopsa. Zaka pafupifupi 94 miliyoni zapitazo ziphalaphala zamoto zinatuluka zochuluka pansi pa nyanja. Dziko linatentha kwambiri, mvula yamphamvu inakokolola chonde cha kumtunda n'kuchithira m'nyanja, ndere zinachulukana, ndipo poola zinamaliza okosijeni m'zigawo zikuluzikulu za nyanja. M'mizati ya matope malo amenewa amaoneka ndi maso: mwala woyera, kenako mwadzidzidzi mzere wakuda bii. Mu mzere wakudawo ma foram okhala pansi amachepa kapena kusoweratu, ndipo mtundu wina woyandama m'madzi akuyako, wotchedwa Rotalipora, unatheratu nthawi imeneyo. Seymour Schlanger ndi Hugh Jenkyns ndi amene anafotokoza zochitika zamtunduwu mu 1976. Ena mwa mafuta amene dziko likuwotcha lero anachokera m'matope akuda amenewa.

Ngakhale mathero a nyengo ya choko anaululidwa ndi tizigoba tomweti. Pafupi ndi tauni ya Gubbio ku Italy pali phompho la miyala momwe muli kamzere ka dongo konenepa ngati chala. Katswiri wa ku Italy, mayi Isabella Premoli Silva, anali mmodzi mwa oyamba kuonetsa kuti pansi pa kamzereko pali ma foram akuluakulu a mitundumitundu, koma pamwamba pake pali tochepa, tating'ono kwambiri. Walter Alvarez ndi bambo ake Luis anayeza dongolo n'kupezamo chitsulo chosowa chotchedwa iridium, ndipo mu 1980 ananena kuti chimwala chachikulu chochokera kumwamba chinagunda dziko. Patapita zaka dzenje lake linadziwika ku Chicxulub m'dziko la Mexico. Tsoka lomwelo ndi limene linamaliza madainoso.

Matope a nyanja yathu nawo amalankhula

Mwina wina akuti zonsezi ndi za kutali, za zaka zosawerengeka. Ndiye tibwerere kunyumba. Mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe, Linthipe amathira m'nyanja ku Salima. Mtsinje wa Namitete umathira mu Bua, Bua amathira m'nyanja ku Nkhotakota. Dothi lofiira limene mvula imakokolola m'minda yathu limakagona pansi pa nyanja ya Malawi, ndipo nalo limaunjikana chaka ndi chaka.

Mu 2005 gulu la Christopher Scholz, Thomas Johnson, Andrew Cohen ndi anzawo linaika makina okumbira pa chombo cha Viphya n'kukumba pakati pa nyanja yathu, pamalo pomwe madzi ndi akuya mamita 592. Anatulutsa mzati wa matope wa mamita pafupifupi 380, wosunga mbiri ya zaka zoposa miliyoni imodzi. Popeza madzi athu si a mchere, mboni zake ndi zina. Pali ndere zotchedwa diatom, zimene zigoba zake ndi zonga galasi, ndiponso tinkhanu tating'onoting'ono totchedwa ostracod. Mitundu ina imakonda madzi akuya ndi abwino, ina imakonda osaya ndi amchere. Pali mungu wa mitengo ndi udzu, ndiponso makala a moto wa m'tchire.

Zimene anapeza n'zochititsa mantha. Pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zazikulu motsatizana. Pa nthawi yoipitsitsa nyanja inaphwa n'kutsala yakuya mamita pafupifupi 125 okha, madzi ake amchere, ndipo inataya magawo 95 pa 100 alionse a madzi ake. Dziko lozungulira linali ngati chipululu. Kafukufuku wa 2015 pa matope omwewo anawerenga maulendo 24 pamene nyanja inatsika mamita oposa 200 m'zaka 1.3 miliyoni. Zilala zimenezo sanayambitse ndi munthu, zinkayendera kusintha kwa kayendedwe ka dziko pozungulira dzuwa. Koma zikutiphunzitsa kuti nyanja imene timaiona ngati yosatha, yomwe imatipatsa usipa ndi magetsi a pa Shire, imadalira mvula mofanana ndi dambo la kuseri kwa nyumba.

Zikutikhudza bwanji ife a khasu?

Mafakitale asanayambe, mpweya wa carbon dioxide unali magawo 280 pa miliyoni. Lero wapyola 420. Sitinafike pa mlingo wa nyengo ya choko, ndipo dziko la nthawi ija linali losiyana ndi lathu pa kaimidwe ka makontinenti. Koma pali kusiyana kumodzi kumene sikutikomera. Kale kutentha kunkakwera m'zaka masauzande ndi mamiliyoni, zamoyo n'kumazolowera pang'onopang'ono. Ife tikusintha mpweya m'zaka 200 zokha. Chimanga cha kumunda sichingazolowere pa liwiro limenelo.

Apa ndi pomwe tizigoba tija timagwira ntchito yeniyeni. Mukamva pa wailesi kuti zaka zikubwerazi kudzatentha kwambiri, kapena kuti mvula izidzagwa yambiri pa nthawi yochepa n'kudula pakati, mawuwo amachokera ku makompyuta owerengera nyengo. Nanga tingawakhulupirire bwanji pa za dziko lotentha limene palibe munthu analionapo? Ku Chitedze sapereka mbewu yatsopano kwa alimi asanaiyese m'munda. Makompyuta nawo amawayesa: amawapatsa mpweya ndi mapu a nyengo ya choko, n'kuona ngati kutentha kumene atulutse kukugwirizana ndi kumene ma foram analemba. Nkhani ya ku Lindi ija inathandiza kwambiri pamenepa, chifukwa inachotsa chiyembekezo chabodza chakuti madera otentha ali ndi njira yodziziziritsa okha. Mpweya ukachuluka, kwathu kuno nako kumatentha.

Nyanja yotentha si nkhani ya asodzi okha. Namondwe wa m'nyanja amafuna madzi a madigiri pafupifupi 26 kapena 27 kuti abadwe, ndipo mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi chowonjezera pafupifupi magawo 7 pa 100. Tonse tikukumbukira namondwe Freddy mu Malichi 2023, pamene anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa kumwera kwa dziko lino. Chaka chotsatira, mu Malichi 2024, boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28 chifukwa cha ng'amba ya El Niño, imene imayamba ndi kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific, kutsidya lina la dziko. Kwathu ndinaona chimanga chikupiringiza masamba mu Febuluwale, nthawi imene chimayenera kukhala chikumasula. Palibe mwa ife anaionapo Pacific, koma inatilowera m'nkhokwe.

Ndiye tichitenji? Sindikunena kuti tisiye makasu tikatole ma foram. Koma munthu wodziwa kuti nyengo inasinthapo kwambiri, ndiponso chimene chinaisintha, samva ulosi wa zanyengo ngati mphekesera. Alangizi akamati tisadalire chimanga chokha, tiphatikize mbatata, chinangwa, soya ndi mtedza, tiphimbe nthaka ndi mapesi, titseke mizere kuti madzi alowe pansi, tisiye mitengo m'mbali mwa mitsinje, amakhala akunena za dziko limene likubwera ndithu. Paja chakudza sichiimba ng'oma.

Chinanso ndi cha ana athu. Matope a nyanja ya Malawi anawerengedwa kwambiri m'mayunivesite a kunja, ndipo tikufunika ana athu amene angawerenge mbiri ya dothi lawo lomwe. Njira ilipo. Ku University of Malawi ku Zomba ndi ku MUST ku Thyolo amaphunzitsa za miyala ndi nthaka, ndipo nthambi ya boma yofufuza za miyala ili ku Zomba komweko. Mayi Gomani anaonetsa kale kuti mwana wa ku Malawi angathe kutcha dzina chinyama chimene dziko lonse lidzachitchula. Makolo anzanga, mwana akabwera kunyumba matumba a yunifolomu atadzaza timiyala, musathamangire kumukalipira za sopo. Muyambe mwamufunsa komwe watola ndi chimene waonamo. Ntchito yonse ndafotokozayi imayamba ndi munthu wofatsa, wa maso akuthwa, wosanyansidwa ndi matope, ndipo ana otero ku Nambuma, ku Namitete ndi ku Njewa alipo ambiri.